Chipatala Sichisamuka, Nanga Ndalama Zake Zimapita Kuti?

Pa Ginnery Corner mu Blantyre malonda amayamba kusanache bwino. Kunja kwa mpanda wa chipatala cha Gulupu amayi amakhala atayala kale nthochi, malalanje ndi mandasi, pamene minibasi zochokera ku Limbe ndi m'tauni zikutsitsa anthu onyamula mafulasiki a phala ndi mabakuli okulungidwa m'chitenje. Mukayang'ana katundu amene akuyenda malonda pamenepo mudziwa msanga kuti ogula ake ndi ndani: beseni la pulasitiki, sopo, kandowa, kapu ndi supuni, matewera, chitenje chatsopano cha mwana amene wabadwa usiku, botolo la Sobo la wodwala amene wakana nsima. Chapambali pali kakhumbi ka Airtel Money ndi Mpamba, pomwe gadiyani akutapa ndalama imene mlongo wake wa ku Joni watumiza atamva kuti mayi agonekedwa.

Palibe khonsolo imene inakhala pansi n'kukonza msika umenewu. Unangomera wokha, monga unamereranso pa Kamuzu Central ku Lilongwe, pa chipatala chachikulu cha Zomba, cha Mzuzu, ndi pageti la chipatala cha boma lililonse. Tikamakamba za zipatala timakamba za mankhwala osowa, mizere yaitali ndi kuchepa kwa anamwino, ndipo mpake kutero. Chimene sitikambakamba n'chakuti m'madera ambiri a dziko lino chipatala ndiye bwana wolemba anthu ambiri ntchito, ndi mmodzi mwa ogula akuluakulu a chimanga, nyemba ndi nkhuni, ndipo kwina ndicho chinakoka msewu, magetsi ndi madzi a m'mipopi kuti zifike. Chipatala chimadyetsa anthu amene sanagonepo m'wodi n'kamodzi komwe. Koma chimawadyetsa mwangozi, ndipo n'chifukwa chake chimawadyetsa pang'ono.

Mphamvu yake pa chuma cha dera yagona pa chinthu chimodzi: sichisamuka. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, ndipo ku Karonga ndalama zinaoneka. Mu 2014 mtengo wa miyalayo utagwa pamsika wa dziko lonse ntchito inaima kwa zaka zambiri, eni nyumba za lendi ndi malo ogona alendo n'kutsala akusuzumira kumsewu. Esiteti ya fodya imatsekedwa mitengo ikavuta ku okushoni. Bungwe lothandiza limabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu, zikatha limapakira matebulo m'lole. Koma chipatala cha Nkhoma chili pomwepo, m'tsinde mwa phiri lomwelija, chiyambire 1915. Gulupu anatsegulidwa mu 1958, Kamuzu Central mu 1977. Maboma asintha, paundi inachoka n'kubwera kwacha, kwachayo yagwa kangapo, koma malungo ndi uchembere sizinapume. Munthu womanga golosale pafupi ndi geti la chipatala amadziwa kuti makasitomala adzakhalapobe ngakhale sitoloyo idzakhale m'manja mwa mdzukulu wake.

Kuti muone bwino nkhaniyi, patukani pa Kamphata kuchoka mumsewu wa M1 n'kulowera ku Nkhoma. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anakhazikika kumeneko mu 1896. Lero pali chipatala, sukulu ya anamwino, yunivesite, sukulu yophunzitsa abusa, sekondale ya William Murray ndi maofesi a sinodi. Chipatalacho chinatchuka kwambiri pa matenda a maso, moti anthu amachokera m'maboma akutali kudzachotsa ng'ala. Agogo aliyense wobwera kudzaonedwa maso amabwera ndi womuperekeza, ndipo awiriwo amafuna kabaza, chakudya, makala, mwina ndi pogona. Popanda mishoni ndi chipatala chake, malo amenewa akanakhala midzi yolima fodya ndi mtedza monga ina yonse ya kwa Mazengera. Chimodzimodzi ku Makwasa, kumene mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902. Ku Malosa kuli St Luke's, ku Nguludi St Joseph's, ku Namitete St Gabriel's, ku Phalombe Holy Family, kumpoto Ekwendeni ndi Embangweni. Zipatala za mipingo zimenezi, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM lomwe linayamba mu 1966, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, ndipo zambiri zili kumidzi kumene kulibe fakitale kapena ofesi ina yaikulu.

Tsatirani malipiro a namwino mmodzi pa malo ngati amenewa. Tsiku limene alowa kubanki, ndalama ina imapita kwa mwini nyumba, ina kwa mtsikana wolera mwana namwinoyo akakhala pa naiti, ina kwa telala, ina kukatseka ngongole ya pagolosale, ina ku banki m'khonde kumene mayi wogulitsa tomato adzaikongole Lachinayi. Nthawi yokolola amagula matumba a chimanga kwa alimi apafupi n'kusunga. Ndipo chipatala si madokotala ndi anamwino okha ayi. Kuli oyeretsa m'mawodi, alonda, ophika, ochapa, madalaivala a ambulansi, okonza mapaipi, otchetcha kapinga, a kumochale. Dotolo amatha kusamutsidwa mawa. Mlonda ndi wophika ndi ana a m'mudzi momwemo, ndipo malipiro awo, ngakhale ndi ochepa, amathera pomwepo onse. Ambiri mwa ogwira ntchito m'zipatala za CHAM amalipidwa ndi boma, ndipo malipirowo akachedwa, monga zachitikapo kangapo, woyamba kudziwa si nduna. Ndi mwini golosale, kope lake la ngongole likadzaza pakati pa mwezi.

Mu Blantyre nkhani yake ndi yokulirapo. Mozungulira Gulupu munamera sukulu ya udokotala ya College of Medicine mu 1991, yomwe mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala yunivesite ya KUHeS. Muli mabungwe a kafukufuku monga Malawi-Liverpool-Wellcome, Blantyre Malaria Project ndi Johns Hopkins, chipatala cha mafupa cha Beit CURE chomwe chinatsegulidwa mu 2002, ndi cha maopaleshoni a ana cha Mercy James cha mu 2017. Zonsezi zinabwera chifukwa odwala ali pamenepo. Zinabweretsa ntchito za mtundu umene kale kunalibe: olowetsa manambala m'kompyuta, oyenda m'makwalala a Ndirande ndi Bangwe kutsatira odwala, a m'labotale, oyang'anira ndalama za mapulojekiti. Imeneyi ndi ndalama yakunja yolowa mumzinda popanda kugulitsa fodya kapena tiyi. Ku Neno, kumene a Partners In Health anafika mu 2007 n'kuyamba kugwira ntchito ndi boma pa dzina loti Abwenzi Pa Za Umoyo, chipatala cha boma chinamangidwa, anthu a m'midzi analembedwa ntchito yoyendera odwala m'makomo n'kumalandira kangachepe pamwezi, ndipo boma limene linali lakumapeto kwa msewu woipa linayamba kuona nyumba za malata zikuchuluka.

Komatu ndalama yamtunduwu ili ndi mwini wake kutali. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, anthu ambiri ogwira ntchito m'mapulojekiti a HIV anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Nyumba za chipatala zinatsala pomwepo. Amene anasowa ndi malipiro, ndipo eni nyumba za lendi, masukulu a mkaka ndi ogulitsa chipisi cha pachiwaya anazimva sabata zomwezo.

Tisadzinamizenso za msika wa pageti uja. Ndalama imene gadiyani akugulira beseni ndi makala siinagwe kumwamba. Kumudzi kwagulitsidwa mbuzi, kapena thumba la chimanga lomwe likanafikitsa banja mu Febuluwale. Mayi amene wakhala milungu itatu kuchidikiro ndi apongozi ake wasiya munda wosapalira. Wokhoma mabokosi amene anaika shedi yake moyang'anana ndi njira ya kumochale akupeza, inde, koma akupeza pa banja limene langosauka kumene. Ndiye palinso mankhwala olembedwa kuti ndi a boma amene amapezeka pa benchi mumsika, malonda amene amalemeretsa mmodzi n'kupha ambiri. Chuma chambiri cha pageti ndi ndalama ya amphawi a kumudzi imene ikungosamukira kwa amphawi a paboma. Zimenezo ndi nyenyeswa. Nsima yeniyeni imadutsira geti lakumbuyo, lolowera malole.

Ndalama yeniyeni ndi ya bajeti: imene imachokera ku Capital Hill ndi kwa opereka thandizo, yogulira zinthu zoyendetsera chipatala. Ya mankhwala tiisiye kaye, poti ambiri amachokera kunja kudzera ku Central Medical Stores Trust ndipo palibe mudzi umene ungapange jakisoni. Koma lowani kukhitchini. Chipatala cha mabedi mazana angapo chimafuna ufa, nyemba, kabichi, mafuta, shuga, mchere ndi nkhuni tsiku lililonse, pa Khirisimasi ndi pa Lachisanu Loyera pomwe. Chimafuna nsalu za pabedi, mayunifolomu, makatani, sopo, matsache, mabenchi odikirirapo, wokonza mawindo ndi wopopa zimbudzi. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene anthu a m'boma lomwelo sangathe kulima, kusoka kapena kukhoma.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'china. Tenda imalengezedwa m'nyuzipepala imene kumudzi siifika, ndipo imafuna kuti munthu mmodzi apereke katundu yense wa miyezi ingapo. Imafuna chiphaso cha kampani, chikalata cha msonkho cha ku MRA, kulembetsa ku bungwe loyang'anira zogulagula za boma la PPDA, akaunti ya kubanki ndi umboni woti anaperekapo kale katundu kwina. Wopambana amakhala wamalonda wa mumzinda amene ali ndi lole ndi mapepala. Iye amagula nyemba kwa mavenda, amene anazigula kwa alimi oyandikana ndi chipatala chomwecho m'mwezi wa Epulo, pa sikelo yokayikitsa, mlimi atapanikizika ndi fizi. Nyembazo zimapita kumzinda, zimagona m'nyumba yosungiramo katundu, kenako zimabwerera kwawo pa mtengo wina. Mlimi amadzazidya atagonekedwa m'wodi, osazizindikira.

Ndipo ngakhale wa m'deralo atapambana tenda, chimamupha ndi kudikira. Boma ndi kasitomala wogula zambiri koma wolipira mochedwa, ndipo ngongole zake kwa amalonda ndi nkhani imene nduna za zachuma zakhala zikuivomereza m'nyumba ya malamulo chaka ndi chaka. Wamalonda wamkulu amapirira miyezi, amakongola kubanki, ndipo kuchedwako amakuwerengera kale mumtengo. Wamng'ono amathamangira katapila. Amene anapereka katundu mu Okutobala 2023 n'kudzalipidwa chaka chotsatira analandira ndalama ina, chifukwa mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Akatopa amasiya kupereka, ndipo m'pamene timamva pawailesi kuti chipatala chakutichakuti chayamba kupereka chakudya kamodzi patsiku. Lamulo la zogulagula za boma la mu 2017 linati magawo 60 pa 100 a matenda a m'dziko muno aziyamba aganizira amalonda achikuda a ku Malawi. Cholinga chinali chabwino, koma lamulolo linayang'ana za mwini kampani, osati kumene ndalama ikagone. Mmalawi wa ku Area 47 wopereka nyemba ku Ntchisi ankakhala atalikwaniritsa lamulolo, ngakhale Ntchisi sanaonepo kanthu.

Vuto limeneli si lathu lokha, ndipo kwina analiyang'ana m'maso. Mzinda wa Cleveland ku America unali wa mafakitale a zitsulo ndi zipangizo za galimoto. Mafakitale atatseka, anthu anatsika kuchoka pa oposa 900,000 mu 1950 kufika pa osakwana 400,000 mu 2010. Zimene zinatsala zili chiimire ndi zipatala ziwiri zikuluzikulu, Cleveland Clinic ndi University Hospitals, pamodzi ndi yunivesite ya Case Western Reserve. Mabungwewa ankagula katundu ndi ntchito za ndalama pafupifupi $3 biliyoni pachaka, koma m'madera owazungulira monga Hough ndi Glenville, okhala anthu akuda ambiri, theka la mabanja linkapeza zosakwana $18,500 pachaka, womwe kumeneko ndi umphawi weniweni. Mafumu a kunja ankakwera ndege kudzachitidwa opaleshoni ya mtima pamalo pomwe anthu a tsidya la msewu ankasowa ntchito.

Mu 2008 bungwe la Cleveland Foundation linasonkhanitsa akuluakulu a zipatalazo ndi a mzinda, ndipo funso lawo linali losavuta: n'chiyani chimene chipatala chimagula tsiku ndi tsiku, chomwe chingapangidwe pafupi? Yankho loyamba linali kuchapa. Mu 2009 anatsegula Evergreen Cooperative Laundry, kampani yochapa nsalu za m'zipatala imene eni ake ndi antchito omwewo, potengera makopaletivu a Mondragon a ku Spain. Analemba anthu a m'madera omwewo, ena mwa iwo otuluka kundende amene kwina konse ankabwezedwa pakhomo. Kenako kunabwera kampani yoika magetsi a dzuwa ndi ina yolima masamba m'nyumba ya magalasi. Anakonzanso njira yoti antchito azigula nyumba podula pang'onopang'ono pa malipiro awo.

Sizinayende ngati m'maloto. Makampaniwo anavutika zaka zoyambirira, ndipo ntchito zimene zinapezeka zinali mazana ochepa, osati zikwi. Chinatembenuza zinthu ndi kontrakiti: mu 2018 Cleveland Clinic inapereka m'manja mwa Evergreen malo ake aakulu ochapira a ku Collinwood, ndipo antchito oposa 100 analowa m'kopaletivuyo. Zinatenga pafupifupi zaka 10 kuti chipatala chachikulucho chipereke ntchito yaikulu kwa anansi ake. Palibe amene anapatsidwa mphatso. Nsalu zinayenera kuchapidwa ndithu, ndipo ndalama yake inali kale m'bajeti. Chinasintha ndi dzina la wolandira cheke ndi kumene amagona.

Kwathu kuno nzeru yotere si yachilendo, kungoti sitinaisandutse chizolowezi. Phala limene ana a sukulu ndi a kusikelo amadya dziko lonse, la chimanga chosakaniza ndi soya, linayambira pa chipatala cha mishoni cha Likuni ngati njira yothandizira ana onyentchera, ndipo lero makampani amaligaya n'kumaligulitsa m'masitolo, alimi a soya n'kupeza msika. Chiponde chinayesedwa mu Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi dotolo wa ana Mark Manary ndi anzake, ndipo zitaoneka kuti mwana wonyentchera akhoza kuchira ali kunyumba, bungwe la Project Peanut Butter linayamba kuchipanga konkuno ndi mtedza wa m'dziko muno.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Ekwendeni. Ogwira ntchito pa chipatala cha kumeneko ankaona ana omwewo akubwerera kuwodi ya onyentchera: mwana wachira, wapita kwawo, pakapita miyezi wabweranso miyendo itatupa. Mu 2000 namwino Esther Lupafya, wofufuza wa ku Canada Rachel Bezner Kerr ndi anzawo anayamba ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. Chipatala chinapita kumunda. Feteleza anali atakwera mtengo ndipo nthaka inali itaguga, ndiye alimi anayamba kuyesa okha kubzala nandolo, mtedza ndi soya mosakaniza, n'kumakwirira masangwi ake kuti chimanga cha chaka chotsatira chipeze chonde. Anakhazikitsa nkhokwe ya mbewu. Ankachita masiku ophikira limodzi, oitanako abambo ndi agogo aakazi, poti anazindikira kuti mtedza ukhoza kukololedwa wambiri koma bambo n'kuugulitsa wonse, ndiponso kuti mawu a apongozi pa kadyetsedwe ka mwana amaposa a namwino. Patapita zaka, kafukufuku anaonetsa kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino kuposa kale. Ntchitoyo inakula mpaka kuima payokha ngati bungwe la alimi zikwizikwi. Chipatala chinachepetsa odwala ake pokonza nkhokwe za anansi ake, ndipo sichinafunike makina aliwonse odula.

Pali zifukwa zomveka zimene woyang'anira zogula pa chipatala amaopera alimi a pafupi. Kalabu ya alimi ikhoza kulonjeza matumba 50 n'kubweretsa 20 chifukwa venda anadutsa ndi ndalama yapamanja. Mtedza wosaumitsa bwino umakhala ndi chuku, ndipo wodwala si munthu womuyesera chakudya chokayikitsa. Kugula kwa anthu ambiri ang'onoang'ono ndi mapepala ambiri, ndiponso mawu oti "tigule kwa akwathu" amatha kusanduka "tigule kwa alamu anga". Zonsezi n'zoona. Koma wamalonda wamkulu wa mumzinda nayenso wabweretsapo ufa wofumbwa, ndipo katangale wa m'matenda aakulu sitinamuyambe lero. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi wa pafupi ukhoza kupita kukaona munda wake ndi njinga, ndipo mkazi wake adzachirira m'chipatala chomwecho.

Zofunika kusintha si zakuya. Tenda ya chakudya ikhoza kugawidwa: ndiwo zamasamba pazokha, mazira paokha, nyemba pazokha, kuti kopaletivu ya m'deralo ikwanitse mbali imodzi. Chilengezo chikhoza kumatidwa pa ofesi ya zaulimi ndi kuwerengedwa pa wailesi ya m'dera. Alangizi a zaulimi, amene amawadziwa makalabu onse ndi mayina, akhoza kuthandiza pa mapepala ndi pa kuyeza chinyezi cha mbewu. Matelala amene amaphunzira m'makoleji a ntchito zamanja akhoza kusoka nsalu za pabedi m'malo moziitanitsa m'mabelo. Zipatala za maboma zili kale pansi pa makhonsolo, choncho makhansala ndi mafumu amene amakhala m'misonkhano ya khonsolo ali ndi ufulu wofunsa mkulu wa zaumoyo funso limene silifunsidwa: pa ndalama zonse za chakudya za chaka chatha, ndi zingati zinalipidwa kwa munthu wokhala m'boma lino?

Koma zonsezi zimaima kapena kugwa pa tsiku lolipira. Kopaletivu ya alimi ikapereka nyemba mu Juni ikhoza kudikira masiku 30, mwinanso 60. Kupitirira apo singathe, chifukwa mamembala ake amafuna mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, ndipo cheke chikachedwa kufika mu Novembala, chaka chamawa nyembazo adzagulitsa kwa venda wa sikelo uja.